Tinapita kukadya pizza, tinakathera pa nsima

Lolemba, Roma

Tafika. Ndikulemba ndili pa bedi lam'mwamba m'chipinda chogona anthu 6, kufupi ndi siteshoni ya Termini. Tilipo anayi, tonse a kalasi imodzi ku Ghent, m'dziko la Belgium, komwe tikuphunzira za zakudya ndi kadyedwe. Pali ine wa ku Ntcheu, mnzanga wa ku Chipata yemwe ndi yekhayo amandimva ndikamadandaula m'chinenero chathu, mnyamata wa ku Ethiopia, ndi Mtaliyana wathu wa kumapiri a ku Bergamo, amene walumbira kuti pofika Lamulungu akhala atatiphunzitsa kudya. Mayeso tamaliza Lachisanu lapitali ndipo tapangana kuti wotchula za zotsatira agulira onse khofi.

Chitupa chokhalira ku Belgium chimatilola kuyenda m'maiko a ku Ulaya a mgwirizano wa Schengen popanda viza ina, ndiye vuto linali ndalama basi. Tikiti ya ndege inali yotchipa, koma pachipata chikwama changa chinakana kulowa m'kachitsulo koyezera. Ndalama yomwe amafuna inali yoposa tikitiyo. Ndinatsegula chikwama pomwepo n'kuvala majuzi atatu ndi jekete pamwamba, ngati wogulitsa kaunjika wothawa mvula.

Chakudya choyamba chinali pizza yogulitsa pasikelo. Umaloza ndi chala kukula kwake, iwo amadula ndi sizasi n'kuyeza. Tinagulanso supplì, timibulu ta mpunga tokazinga tokhala ndi tchizi pakati. Kenako ndinaitanitsa cappuccino. Mtaliyana wathu anandiyang'ana ngati ndathira shuga mu nkhwani. Akuti khofi wamkaka ndi wam'mawa, ukadya chakudya chamadzulo umamwa espresso. Ndinamwabe.

Lachiwiri, Roma

Ku Colosseum tinalawirira. Anayamba kulimanga cha m'ma 72 ndipo mfumu Titus inalitsegula m'chaka cha 80. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000, kuposa amene amalowa mu Bingu National Stadium ku Lilongwe. Pansi pa bwalo pakuoneka tinjira ndi tizipinda momwe ankasungiramo zilombo ndi anthu odikira kukamenyana. Zilombo zambiri ankazitenga kumpoto kwa Africa. Anzanga ankajambula mosangalala, koma ine mtima sunakhazikike. Luso la omanga ndi lalikulu ndithu, komabe anamangira kuti anthu azionerera anzawo akufa.

Kunja kuli anyamata a ku West Africa ogulitsa zibangili za ulusi. Atationa anayamba kukuwa, "Africa! Africa!" Wina anandifunsa kwathu. Ndinati Malawi. Iye anati, "Mali?" Ndinabwereza kawiri, kenako ndinangomusiya ndi Mali wakeyo.

Chimene chandigwira mtima lero ndi madzi. M'misewu ya Roma muli timipopi tachitsulo totchedwa nasoni, kutanthauza mphuno zazikulu, ndipo tilipo toposa 2,000. Madzi ake ndi akumwa, ozizira, aulere, ndipo amatuluka usana ndi usiku. Ukatseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, madzi amatumphira m'mwamba kudzera pa kabowo kapamwamba, iwe n'kumwa osagwiritsa kapu. Ine, mwana amene ndinakulira pamzere wa pamjigo ndi ndowa, ndinayamba kufunafuna potsekera. Palibe. Wa ku Chipata anachita kundikoka dzanja kuti tizipita.

Masana tinadutsa pa Circo Massimo dala kuti tione likulu la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, popeza theka la zimene timawerenga m'kalasi zimalembedwa m'nyumba imeneyo. Mnzathu wa ku Ethiopia sanalabadire nyumbayo. Anaima poyang'anizana nayo n'kutiuza kuti pamenepo panali chipilala cha mwala cha ku Axum, chotalika mamita 24, chimene asilikali a Mussolini anachitenga kwawo mu 1937. Chinabwezedwa mu 2005 pandege, chitagawidwa patatu. Nyumba ya FAO yomweyo poyamba anaimangira unduna woyang'anira maiko a mu Africa olamulidwa ndi Italy. Mtaliyana wathu anali asanamvepo zonsezi, ndipo anakhala chete mpaka pa Pantheon, kachisi wakale wa Aroma, pomwe denga lozungulira la mamita 43 lokhala ndi chibowo pakati linamubwezera mawu.

Madzulo tinadya carbonara ku Testaccio. Muli mazira, tchizi cha nkhosa chotchedwa pecorino, nyama ya patsaya la nkhumba ndi tsabola wakuda. Kirimu mulibe, ndipo usayerekeze kufunsa. Wa ku Chipata atalawa anandinong'oneza kuti, "Iwe, sanapse uyu." Zoona, pasta wa kuno amamuphula akadali wolimba pakati, dala. Kenako anatenga mpeni n'kuyamba kudula spaghetti. Mtaliyana wathu anatseka maso. Ndinamuseka, koma ndinakumbuka mmene ndinamvera tsiku lina ku Ghent nditaona munthu akudya nsima yanga ndi foloko.

Lachitatu, Vatican ndi Trastevere

Vatican ndi dziko la mahekitala 44 okha. Kwathu alipo ma esiteti a fodya aakulu kuposa pamenepo. Kulowa m'tchalitchi cha St Peter sikulipiritsa, koma pamzere wofufuza zikwama tinaima ola lathunthu. Mkati ndinayenda khosi lili m'mwamba mpaka linauma. Ndinafuna manda a Papa Yohane Paulo Wachiwiri, omwe ali m'kachipinda kopemphereramo mbali ya kumanja, pafupi ndi chosema cha Michelangelo cha Maria atanyamula mtembo wa Yesu. Papa ameneyu anabwera ku Malawi mu Meyi 1989, ndipo amayi akusungabe chitenje cha ulendowo pansi pa sutikesi. Ndinawatumizira chithunzi. Anayankha ndi funso lakuti kodi ndavala zofunda mokwanira.

Ulendo wanga weniweni wa lero unali m'mbali mwa mtsinje wa Tiber, ku Trastevere. Anzanga amafuna kukamwa vinyo, ine ndimafuna kabwalo kakang'ono kotchedwa Piazza di Sant'Egidio. Pali nyumba yakale ya masisitere, yopanda chokopa maso. M'menemo, kuyambira mu 1990, nthumwi za boma la Mozambique ndi za Renamo zinkakumana mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina mgwirizano wa mtendere kuno ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Amene sanayendepo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu sangamvetse chifukwa chake ndinaima nthawi yaitali pakhomo lotseka. Kwathu cha ku Lizulu msewuwo ndiwo malire. Mbali iyi ndi Malawi, ukaoloka tala uli ku Mozambique. Ine nkhondoyo sindinaione, koma ndili mwana ndinkaona mabwinja a masitolo kutsidyako, ndipo amayi amasimba za mabanja amene ankabwera usiku atasenza ana ndi miphika, n'kumanga timisasa kuseri kwa nkhokwe za agogo. Pa nthawi ina Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Zokambirana za m'kanyumba aka ndizo zinawabweza kwawo. Gulu lomweli ndi limene limayendetsa zipatala za DREAM zothandiza anthu omwe ali ndi HIV ku Malawi.

Anzanga anandipeza ndikadali pomwepo. Tinakadya carciofi, duwa losaphukira la chomera chaminga lomwe amalikazinga lathunthu mpaka masamba ake kumachita khirichikhirichi ngati tchipisi. Kukoma kulipo, kukhuta ayi.

Lachinayi, Pompeii ndi Napoli

Sitima yothamanga inatitenga ku Roma mpaka ku Napoli, makilomita oposa 200, pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kuchoka apo tinakwera kasitima kakale kothithikana, koima paliponse ngati minibasi ya ku Ndirande, mpaka ku Pompeii.

Phiri la Vesuvius silalitali, ndi mamita 1,281, losafika ngakhale theka la Sapitwa. Koma m'chaka cha 79 linakwirira mzinda wonse ndi phulusa. Misewu ikadali ndi mikwaso ya matayala a ngolo, ndipo pali miyala ikuluikulu yopondapo pooloka kuti usaponde zonyansa. Matupi a anthu anawola m'phulusamo n'kusiya mphako, ndiye mu 1863 Giuseppe Fiorelli anayamba kuthiramo pulasitala. Chimene chimatuluka ndi munthu mmene anagwera, wina ataphimba nkhope ndi manja. Apa palibe amene anajambula.

Ife ophunzira za zakudya tinachedwa kwambiri m'mabekare. Mphero zamiyala zikadalipo, zimene ankazunguza ndi abulu, ndiponso mauvuni a njerwa osasiyana ndi amene amaphikira pizza lero. Mu uvuni wina anapezamo mikate 81 itasanduka makala. M'mbali mwa misewu muli timakauntala tokhala ndi mitsuko, momwe anthu osauka ankagula chakudya chophikaphika. Wa ku Chipata anati, "Ichi ndi chiwaya." Sanalakwe.

Mnzathu wa ku Ethiopia ndiye anaputa mkangano. Anafunsa Mtaliyana wathu kuti tomato ali kuti m'zojambula za pamakoma. Mulibe. Anthu a ku Pompeii sanalawepo tomato, mbatatesi kapena chimanga, chifukwa zonsezi zinachokera ku America, ndipo tomato anafika ku Italy m'zaka za m'ma 1500. Ndinaseka kwambiri, mpaka Mtaliyana anandibwezera: nanga makolo ako ankadya nsima ya chiyani chimanga chisanafike? Ndinayankha motsitsa mawu kuti ya mapira ndi mawere.

Napoli ndi mzinda waphokoso, zovala zoyanika pamwamba pa misewu, njinga zamoto zodutsa pamapazi. Ndinamva ngati ndili ku Limbe ndipo ndinaukonda. Maradona ali pakhoma lililonse, ndipo ku Quartieri Spagnoli kuli chithunzi chake chachikulu chimene anthu amaikapo masikafu ndi makandulo ngati kumanda a mfumu. Ana ankaitana mnzathu wa ku Ethiopia kuti Osimhen, dzina la Mnaijeriya amene anathandiza timu yawo kutenga ligi mu 2023 patatha zaka 33. Safanana ngakhale pang'ono, koma anakweza manja n'kuvomera.

Pizza ya kuno imakhala mu uvuni wa nkhuni kwa mphindi imodzi ndi theka basi. M'mphepete imafufuma n'kukhala ndi mawanga opserera, pakati ndi yopyapyala ndi yonyowa. Aliyense amaitanitsa yake, sagawana. Ndinati sindingamalize. Ndinamaliza, n'kuthandizanso ya mnzanga.

Lachisanu, Florence

Mvula tsiku lonse. Tinakwera masitepe 463 mpaka pamwamba pa denga la tchalitchi chachikulu, lomwe Brunelleschi anamaliza kumanga mu 1436, n'kukaona mitambo. Pamzere wokaona chosema cha Davide tinagonja.

Chomwe chapulumutsa tsiku ndi lampredotto, chifu cha ng'ombe chowiritsa, choika mu banzi yoviika mu msuzi wake, chogulitsidwa pa kangolo m'mbali mwa msewu. Alendo ena ankachita tsinya atauzidwa kuti ndi chiyani. Ine ndi wa ku Chipata tinangoyang'anana. Zam'kati tiziopa ife? Buledi wa kuno saika mchere. Madzulo bilu inabwera ndi ndalama ina yotchedwa coperto, yolipirira kungokhala patebulo, munthu aliyense. Mtaliyana wathu anati anaiwala kutichenjeza.

Loweruka, Venice

Ukatuluka mu siteshoni umangopeza madzi. Mzindawu uli pa tizilumba 118 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400. Galimoto kulibe, njinga kulibe. Zinyalala zimayenda pa boti, ambulansi ndi boti, mowa umabwera pa boti. Gondola, bwato lokwera alendo, ndi mayuro 90 pa theka la ola, ndiye tinangoiona ndi maso. Mtaliyana wathu anatitengera pa traghetto, bwato lofanana nalo looloka ngalande yaikulu pa mayuro 2. Ulendo wake sukwana mphindi zitatu, koma chithunzi chimatuluka chimodzimodzi.

Nyengo ino ya Carnevale, chikondwerero chochitika Lenti isanayambe, amagulitsa frittelle, mandasi ozungulira okhala ndi mphesa zouma ndi shuga pamwamba. Ndi mandasi ndithu, kungoti mtengo wake sindinausinthe m'makwacha poopa kudwala.

Masana tinalowa m'kabala kakang'ono koimirira, kogulitsa tizakudya ta m'manja. Panali sarde in saor, nsomba zazing'ono zokazinga zoviika mu anyezi ndi viniga, zokulirapo kuposa usipa. Pambali pake panali kachidutswa koyera, kamakona anayi, kootcha. Ndinaluma. Ndinasiya kutafuna. Ndinapatsira wa ku Chipata osanena kanthu. Iye analuma n'kukuwa, "Mkute!" Anthu onse anacheuka.

Mtaliyana wathu anati imeneyo ndi polenta, ndipo kuno ku Venice amakonda yoyera podyera nsomba. Miyezi yonseyi wakhala akutiuza za polenta ya agogo ake, ife n'kumaganiza kuti ndi mtundu wina wa pasta. Tisanakwere sitima ya ku Bergamo ndinagula paketi ya ufa woyera wa chimanga.

Lamulungu, kumapiri a ku Bergamo

Agogo a mnzathu amakhala m'kamudzi ka m'chigwa, kumpoto kwa mzinda, mapiri a chipale chofewa ali kuseri kwa nyumba. Ndi aafupi, amanja akuluakulu, ndipo Chingerezi sadziwa ngakhale liwu limodzi. Mdzukulu wawo atanena kuti ndine wa ku Malawi, ndinakonzeka kumva za Mali. Iwo anawomba m'manja n'kunena kuti, "Balaka!" Kwa zaka zambiri parishi yawo inkasonkha ndalama zotumiza kwa ansembe a chipani cha Montfort kumeneko. Ambiri mwa ansembewo ndi ochokera kuno, ndipo mabishopu atatu oyamba a dayosizi ya Mangochi, Alessandro Assolari, Luciano Nervi ndi Alessandro Pagani, anali a chigawo cha Bergamo chomwechi. Munthu woyamba sabata yonseyi kudziwa kwathu anali gogo wa m'phiri.

Lamulungu kuno ndi tsiku la polenta ndi kalulu. Anatereka mphika wa mkuwa pa sitovu ya nkhuni. Madzi atawira anathiramo mchere. Ndinaluma mlomo. Kenako anayamba kuwaza ufa wachikasu, wokhakhala kuposa mgaiwa, ndi dzanja limodzi, linalo likutakasa ndi ndodo yaitali. Sayamba ndi phala ngati ife, amathira ufa wonse pang'onopang'ono n'kumavundula kwa mphindi 45 kapena kuposa. Patapita kanthawi ndinaona phewa lawo likutopa. Ndinapempha ndodo ija.

Poyamba anakayika. Ndinagwira mphika ndi nsalu, ndinapinda dzanja mmene amayi anandiphunzitsira ndili ndi zaka 10, n'kuyamba kukanikizira kukhoma la mphika kuti mibulu isweke. Agogo anayang'ana dzanja langa, anayang'ana mdzukulu wawo, n'kulankhula zinazake mwachangu. Iye anachita manyazi potanthauzira. Akuti agogo akuti iyeyo zaka zonsezi sanaphunzire, ndipo akandisiya ndipite ndiye kuti alibe nzeru. Wa ku Chipata anaseka mpaka kukhala pansi.

Saomola ndi chipande. Amakhuthula mphika wonse pa thabwa lozungulira, chimtanda chimodzi chachikulu, n'kumadula ndi ulusi. Nkhoko zotsala mumphika agogo anazipala n'kundipatsa ine, kuti ndi gawo la wophika.

Tikudya anayamba kusimba, mdzukulu akutanthauzira. Ali mwana polenta inali ya m'mawa, masana ndi madzulo. Makolo awo ankanena za nthawi imene m'nyumba zosauka ankamangirira nsomba imodzi youma pa chingwe pamwamba pa tebulo, aliyense n'kumangokhudzitsa polenta yake kuti imveke fungo. Anatchulanso matenda amene ankasenda khungu la alimi n'kuwasokoneza mutu. Ife anayi tinayang'anana, chifukwa funso limeneli linali pa mayeso sabata yatha. Dzina lakuti pellagra linachokera kuno kumpoto kwa Italy, ndipo limatanthauza khungu lokhakhala. Amabwera munthu akamadya chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira, thupi n'kusowa vitamini wotchedwa niacin. M'zaka za m'ma 1800 anagwira alimi ochuluka zedi m'zigawo za Lombardy ndi Veneto. Ndinawauza kuti mu 1990 matenda omwewo anagwira anthu pafupifupi 18,000 m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique kumwera kwa Malawi, mtedza utasiya kubwera pa chakudya chimene ankalandira. Agogo anapukusa mutu n'kundiwonjezera nyama.

Madzulo inali nthawi yathu. Ndinaphika nsima ndi ufa wa ku Venice uja, wa ku Chipata anatendera kabichi ndi chiponde cha m'botolo. Tinabweretsa beseni ndi jagi, ndinagwada n'kuwasambitsa agogo m'manja. Sanafunse foloko. Anatema, anakanya mbamu bwinobwino ngati munthu wozolowera, akuti abambo awo ankadya choncho. Anatafuna, anaganiza, kenako anatambasula dzanja kufuna mchere.

Lolemba, pabwalo la ndege la Orio al Serio

M'chikwama muli polenta yotsala yokulunga m'pepala, yoti ndikaotche mawa, ndi tchizi chimene fungo lake likundichititsa manyazi pamzere. Majuzi atatu aja ndavalanso. Wa ku Ethiopia watchula za zotsatira za mayeso, ndiye khofi wagula ndi iye, ndipo popeza ndi m'mawa cappuccino yanga palibe waitsutsa.

Usiku ndinatumizira amayi kanema wa agogo akuphika. Kwathu pano chimanga chikumasula ndipo nkhokwe zambiri zapepuka, ndiye ndimayembekezera kuti anena za ufa wachikasu, umene iwo amautcha wa nthawi ya njala. Uthenga wawo wamawu wafika ndili pamzere pano. Akuti gogoyo dzanja ali nalo, ndiwapatsire moni. Kenako akuti, "Koma ndaona bwino, anathira mchere m'madzi a nsima? Nanga ndiwo ntchito yake n'chiyani?"